Chiwindi N'chimodzi: Zimene Mbewa za Ofufuza Zikuphunzitsa Mlimi

M'chinenero chathu liwu lakuti "mankhwala" limasenza katundu wambiri. Mapiritsi amene namwino amatipatsa ku kiliniki ndi mankhwala. Madzi onunkha amene timapopera m'munda wa thonje ndi mankhwala. Ufa wothira m'chimanga kuti chisafumbwe, dipi wopha nkhupakupa pa ng'ombe, ngakhale zija zoumitsa udzu m'munda, zonsezi timazitchula ndi liwu limodzi. M'menemo muli choonadi chimene mlimi aliyense ayenera kuchisunga mumtima, pakuti thupi la munthu nalonso silisiyanitsa. Chachilendo chilichonse chimene chalowa m'magazi, kaya chadzera pakamwa, pakhungu kapena m'mphuno, chimakafika kwa antchito amodzimodzi a m'chiwindi ndi m'mapapo. Antchitowo sadziwa kuti ichi chachokera kwa dokotala, icho chachokera m'sitolo ya zipangizo zaulimi.

Mfundo yathu m'nkhani ino ndi imodzi. Mlimi amene amagwira mankhwala a m'munda mosadziteteza ali ngati munthu amene akumwa mankhwala amene dokotala sanamulembere, pa mlingo umene palibe anauyeza. Mankhwala oterewa angathe kusintha mmene thupi limalandirira mankhwala enieni a kuchipatala. Choncho kupopera ndi kusunga mbewu si nkhani za zokolola zokha ayi. Ndi nkhani za moyo wa banja, ndipo inu ophunzira athu, akale ndi atsopano, ndinu oyenera kutsogolera midzi yanu pa zimenezi.

Antchito a m'chiwindi

Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Magazi ochokera m'matumbo amayamba adutsa m'chiwindi asanafalikire m'thupi lonse. M'timaselo ta chiwindimo muli ma enzyme, tinthu tosaoneka ndi maso timene ntchito yake ndi kugwira chinthu china, kuchisintha, ndi kuchitaya kuti tigwire chinanso. Mankhwala ambiri sasungunuka m'madzi koma m'mafuta, ndipo akanasiyidwa momwemo akanakhala m'thupi nthawi yaitali. Ma enzyme amawasandutsa kuti asungunuke m'madzi, atulukire mumkodzo kapena mu ndulu.

Banja lalikulu la ma enzyme amenewa limatchedwa cytochrome P450. Dzinali analipereka ndi ofufuza awiri a ku Osaka m'dziko la Japan, Tsuneo Omura ndi Ryo Sato, m'chaka cha 1962. Munthu ali ndi mitundu 57 ya ma enzyme a m'banjali, pamene mbewa ili ndi yoposa 100. Ochepa mwa iwo ndi amene amaphwanya mbali yaikulu ya mankhwala onse a kuchipatala. Ambiri amakhala m'chiwindi, koma ena ali m'mapapo, m'matumbo ndi mu impso.

Dokotala akatiuza kuti timwe piritsi limodzi m'mawa ndi lina madzulo, mlingowo unayezedwa poganizira liwiro limene antchitowa amagwirira ntchito mwa munthu wamba. Liwirolo likasintha, mlingo umene unali woyenera umasanduka wochepa kapena wopyola. Tiyerekeze ndi chigayo: chimanga chothira m'chigayo chimayezedwa molingana ndi mphamvu ya injini. Injini ikafooka, chimanga chimatsamwa. Ikathamanga mopyola, zonse zimatha nthawi isanakwane.

Zimene makoswe ndi mbewa zinaulula

Kuno kum'mawa mbewa timaidziwa ngati mdani wa nkhokwe, ndipo kwa anansi athu ambiri ndi ndiwo za m'chilimwe. Kwa ofufuza mbewa ndi mphunzitsi. Amaweta mbewa zoyera ndi makoswe m'zipinda zaukhondo, ndipo imodzi mwa njira zakale zoyezera mphamvu ya chiwindi inali yosavuta kumva. Ankabaya mbewa mankhwala ogonetsa, kuigoneka chagada, ndi kuwerenga mphindi mpaka itadzuka n'kutembenuka yokha. Ikadzuka msanga, ndiye kuti chiwindi chaphwanya mankhwalawo mofulumira. Ikachedwa, ndiye kuti china chake chatsekereza ma enzyme.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pa yunivesite ya Iowa ku America, gulu la wofufuza James Fouts linaona kuti ziwindi za makoswe awo zayamba kuphwanya mankhwala mofulumira popanda chifukwa chodziwika. Atalondola bwino anapeza kuti m'chipinda cha makoswewo munali mutapoperedwa chlordane, mankhwala opha tizilombo. Makoswe sanamwetsedwe kanthu; anangokhala m'chipinda chopoperedwa. Zimenezi zinafalitsidwa mu 1963, ndipo posakhalitsa zinaoneka kuti DDT nayenso amachita chimodzimodzi. Mu 1967 wofufuza wina, Elliot Vesell, anaonetsa kuti ngakhale utuchi wa mitengo ya paini ndi cedar umene ankayalira mbewa unali wokwanira kuchulukitsa ma enzyme a m'chiwindi. Phunziro lake ndi lakuti chiwindi chimamva zimene zili pamalo pamene nyama ikukhala, ngakhale nyamayo ikuoneka yathanzi.

Mankhwala ena amachita zosiyana: amatsekereza ma enzyme. Chitsanzo chodziwika ndi piperonyl butoxide, amene amafupikitsidwa kuti PBO. Mbewa yopatsidwa PBO imachedwa kudzuka pa mayeso aja. Nzeru imeneyi anthu anaigwiritsa ntchito mwaubwino. Udzudzu wambiri unasiya kufa ndi mankhwala a m'maneti chifukwa unachulukitsa ma enzyme ake ophwanyira mankhwalawo. Maneti ena atsopano amaikamo PBO kuti atsekereze ma enzyme a udzudzu, mankhwala apeze mpata woupha. Mlingo wa m'neti unayezedwera udzudzu, ndipo neti ndi chitetezo chimene banja lililonse liyenera kugonamo. Tatchula zimenezi kuti tione kuti lamuloli ndi limodzi pa udzudzu, pa mbozi, pa mbewa ndi pa munthu.

Pamene chiwindi chinola mpeni wodzicheka nawo

Pali njira yachitatu, ndipo ndi imene imakhudza alimi kwambiri. Nthawi zina chiwindi poyesa kuphwanya chinthu chimachisandutsa choopsa kuposa poyamba. Mankhwala a gulu la organophosphate, monga chlorpyrifos, dimethoate, malathion ndi pirimiphos-methyl amene ali mu Actellic, amapangidwa mwa njira yotere. Akalowa m'thupi, ma enzyme a P450 amawasintha kukhala chiphe chimene chimatsekereza enzyme ina yofunika kwambiri m'mitsempha. Zotsatira zake ambiri a ife tinazionapo m'midzi: malovu ndi thukuta zochuluka, misozi, kusanza, kutsekula m'mimba, minofu kunjenjemera, kadontho kakuda ka m'diso kuchepa, ndipo pamapeto kulephera kupuma. Pa ntchito yosinthayi ma enzyme a P450 ena amaonongeka, kotero kuti chiwindi chimatsala ndi antchito ochepa.

Thupi lili ndi alonda ena, ma enzyme otchedwa carboxylesterase, amene amaphwanya malathion msanga mwa munthu. N'chifukwa chake malathion amaonedwa ngati wosaopsa kwambiri poyerekeza ndi anzake. Koma mu 1976 ku Pakistan, pa ntchito yopopera m'nyumba polimbana ndi malungo, mwa antchito pafupifupi 7,500 oposa 2,000 anadwala ndipo 5 anamwalira. Ofufuza anapeza kuti malathion wina anali ndi chodetsa chotchedwa isomalathion, chimene chimachuluka mankhwala akasungidwa potentha. Chodetsacho chinatsekereza alonda aja, ndipo mankhwala amene ankati ndi ofatsa anasanduka akupha.

Nkhani ya ku Pakistan ili ndi machenjezo awiri kwa mlimi wa ku Chipata, Katete kapena Lundazi. Loyamba likukhudza botolo lotsala la chaka chatha limene lakhala kutsindwi la malata dzuwa lonse la Okutobala: zimene zili mkatimo sizingakhale zofanana ndi zimene zalembedwa kunja. Lachiwiri likukhudza kusakaniza. Chibwerere ntchemberezandonda m'dziko lathu kumapeto kwa 2016, alimi ambiri anazolowera kuthira mitundu iwiri kapena itatu ya mankhwala m'sipuleya imodzi pofuna kuti akhale aukali. Mankhwala monga cypermethrin ndi lambda-cyhalothrin amaphwanyidwa ndi alonda omwe aja amene organophosphate amawatsekereza. Chosakanizacho chimakhala chaukali pa mbozi, inde, koma chimakhalanso chaukali pa amene wachibereka kumsana. Zosakaniza za ku fakitale zinayezedwa ndipo zili ndi malangizo ake. Zosakaniza za pansi pa mtengo palibe anaziyeza.

Mapapo

Wopopera mankhwala amapuma nkhungu yake, choncho mapapo ndi khomo lina lalikulu. M'tinjira ting'onoting'ono ta mpweya muli timaselo tokhala ndi ma enzyme a P450 ambiri. Ofufuza anapeza kuti mbewa ikalandira naphthalene, chinthu chimene chili m'timibulu toyera tonunkha tija toika m'masutikesi pothamangitsa njenjete, timaselo timeneti timafa. Chodabwitsa n'chakuti zimenezi zimachitika ngakhale naphthalene atabayidwa m'mimba osati kupumidwa. Magazi amamufikitsa ku mapapo, ndipo ma enzyme a m'mapapo momwemo ndi amene amamusandutsa chiphe.

Mankhwala oumitsa udzu otchedwa paraquat, amene ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti Gramoxone, amalondola mapapo mwa njira yakeyake. Timaselo ta m'mapapo timawakokera mkati ndi kuwaunjika, ndipo kumeneko amabera ma enzyme mphamvu n'kupanga tinthu totentha mnofu kosalekeza. Munthu amene wameza ngakhale pang'ono angathe kuoneka ngati akupeza bwino masiku oyamba, kenaka mapapo amauma pang'onopang'ono mpaka kupuma kulephereka. Palibe mankhwala othetsera chiphe chimenechi. Mayiko a mu European Union analetsa paraquat mu 2007. Mlimi amene amathira paraquat wotsala m'botolo la zakumwa wotchera mwana wake msampha.

Utsi nawonso uli m'gulu lomweli. Mu utsi wa fodya muli chinthu chotchedwa benzo[a]pyrene, chimene chimachulukitsa ma enzyme ena m'mapapo ndi m'chiwindi, ndipo ma enzyme omwewo amachisandutsa choyambitsa khansa. Madokotala amadziwa kuti mwa wosuta, mankhwala a mphumu otchedwa theophylline amatha msanga m'magazi kuposa mwa wosasuta. Zinthu za mtundu womwewu zimapezeka mu utsi wa zinyalala ndi mapulasitiki, n'chifukwa chake kutentha zigubu za mankhwala pafupi ndi nyumba si njira yozitayira.

Chiphe chimene sitigula m'sitolo

Dera lathu limatchuka ndi nshawa. Chalimbana, MGV4 ndi MGV5 ndi maina odziwika pakhomo lililonse, ndipo malo ofufuzira zaulimi a Msekera pafupi ndi Chipata akhala akugwira ntchito pa mbewuyi kwa zaka zambiri. Koma m'nshawa ndi m'chimanga chosauma bwino mumamera chuku chotulutsa chiphe chotchedwa aflatoxin. Dziko linachidziwa chiphechi mu 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi nshawa zochokera ku Brazil. Mu 2004 ku Kenya anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga chachuku. Kuno kwathu, mu Ogasiti 2024, Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chokhala ndi aflatoxin, ndipo ufa wa makampani angapo unachotsedwa pamsika.

Aflatoxin nayenso amanoledwa m'chiwindi. Ma enzyme a P450 amamusandutsa chinthu chimene chimamatirira ku malangizo a m'kati mwa selo n'kuwaononga, ndipo pakapita zaka pamabuka khansa ya chiwindi. Ngozi imakula kwambiri mwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B. Kuphika, kukazinga ndi kusinja sizithetsa chiphechi. Choipa kwambiri n'chakuti nshawa zabwino timazisankha kupita kumsika, pamene zofota, zosweka ndi zakuda timazisinja n'kutendera ndiwo za ana athu kapena kupatsa nkhuku. Potero chiphe cha munda wonse timachisonkhanitsa m'mbale ya pakhomo.

Mankhwala a kuchipatala

Ogwira ntchito zachipatala amadziwa bwino kuti mankhwala amalimbirana antchito a m'chiwindi. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a chifuwa chachikulu, amachulukitsa ma enzyme kwambiri. N'chifukwa chake munthu amene akumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir akayamba mankhwala a TB amauzidwa kuonjezera piritsi lina la dolutegravir madzulo. Rifampicin yemweyo amafooketsa mapiritsi olerera ndi kulera kwa pamkono, ndiponso amachepetsa mphamvu ya Coartem. Mowa, kuphatikizapo kachasu, umachulukitsa enzyme imene imasandutsa paracetamol, amene ali mu Panado, kukhala chiphe cha chiwindi, kotero mlingo umene wina saumva ungathe kuvulaza chidakwa. Zonsezi dokotala amaziwerengera akazidziwa.

Chimene sangathe kuwerengera ndi chimene sanauzidwe. Mu 1969 ofufuza a ku Sweden anayeza anthu ogwira ntchito ndi lindane ndi DDT ndipo anapeza kuti matupi awo ankachotsa mankhwala oyesera mofulumira kuposa anthu ena. Zimene zinaoneka mwa makoswe a ku Iowa zinaonekanso mwa anthu. Pali chitsanzo china chimene mlimi aliyense ayenera kuchidziwa. Pa opaleshoni, madokotala nthawi zina amagwiritsa ntchito mankhwala ofoola minofu otchedwa suxamethonium, amene amatha m'mphindi zochepa chifukwa enzyme ina ya m'magazi imawaphwanya. Organophosphate amatsekereza enzyme imeneyo. Munthu amene wakhala akupopera mankhwalawa masiku apitawo angathe kuchedwa kuyambanso kupuma yekha. Wogonetsa odwala akadziwiratu, amasankha mankhwala ena kapena kukonzekera.

Pano tikuchenjeza mwamphamvu: palibe amene ayenera kusiya, kuchepetsa kapena kuonjezera ma ARV, mankhwala a TB, a khunyu, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi chifukwa cha nkhani ino. Chofunika kuchepetsedwa ndi chiphe cholowa m'thupi, osati mankhwala opatsa moyo.

Zimene ena adzanena

Wina adzati, "Mbewa si munthu." Zoonadi, ndipo ofufuza enieniwo amavomereza. Mbewa ya ofufuza imapirira aflatoxin modabwitsa chifukwa chiwindi chake chili ndi enzyme yamphamvu yochotsa chiphecho, pamene khoswe, bakha ndi munthu alibe chitetezo chotere. Mapapo a mbewa amavulala ndi naphthalene msanga kuposa a nyama zina. Choncho sitingatenge nambala ya mbewa n'kuiika pa munthu. Koma taonani kumene kusiyanako kwagwera: pa aflatoxin, munthu ndi amene ali wofooka kuposa mbewa. Kusiyana kwa mbewa ndi munthu si chifukwa chokhalira osasamala; ndi chifukwa chosamalira koposa.

Wina adzati, "Ndapopera thonje zaka makumi awiri ndipo ndili bwinobwino." Tikuyamika Mulungu chifukwa cha thanzi lake. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Chiwindi ndi chiwalo chosadandaula msanga. Chimatha kuonongeka mbali yaikulu mwini wake akulimabe. Ndiponso anthu sabadwa ndi ma enzyme ofanana. Chimene bambo wamphamvu wapirira, mwana wa zaka khumi amene wamutuma kukatsuka sipuleya sangachipirire, ngakhalenso mayi woyembekezera amene akuchapa zovala zopoperera.

Wina adzati, "Zovala zodzitetezera n'zodula ndipo zimatentha." Izi sitizikana. Kuvala ovolosi ndi gambutsi m'dzuwa la Febuluwale ndi chipsinjo, ndipo mlimi amene watenga mbewu ndi mankhwala pa ngongole amawerenga ngwee iliyonse. Pa chifukwa chimenechi ife tikuti katunduyu asasenzedwe ndi mlimi yekha. Kampani iliyonse imene imapereka mankhwala pa ngongole iyenera kuperekanso magolovesi ndi chotchinga kukamwa ndi mphuno m'phukusi lomwelo. Wogulitsa aliyense ayenera kugulitsa mankhwala m'botolo lake lokhala ndi lebulo, osati kupungulira m'timabotolo topanda dzina. Bungwe la ZEMA, limene lamulo la Environmental Management Act la 2011 linalipatsa udindo woyang'anira mankhwalawa, liyenera kuoneka m'misika ya kumidzi monga momwe limaonekera m'mizinda. Magulu a alimi angathe kugula zovala ziwiri kapena zitatu pamodzi, n'kuphunzitsa anthu ochepa kuti akhale opopera a gulu lonse.

Sitikunena kuti mankhwala a m'munda atayidwe onse. Amene anaonapo munda wa chimanga utadyedwa mpaka mumtima sanganene zotere mopepuka. Koma walira mvula walira matope: amene wasankha kugwiritsa ntchito mankhwala wasankhanso udindo wake.

Zimene tikupempha kwa inu

Choyamba, khalani ndi kabuku. Lembani tsiku, dzina la mankhwala, dzina la chogwira ntchito chimene chalembedwa ndi zilembo zazing'ono pa lebulo, munda umene mwapopera, ndi amene wapopera. Kabukuka kadzakuthandizani pa ulimi, ndipo tsiku lina kangathe kupulumutsa moyo.

Chachiwiri, mukapita ku kiliniki, ku chipatala cha Mwami, ku Chipata Central kapena kwina kulikonse, nenani kuti ndinu mlimi ndipo tchulani zimene mwagwira m'masabata apitawo, ngakhale simunafunsidwe. Nenaninso za mankhwala azitsamba amene mukumwa, pakuti nawonso amadzera pa khomo lomwe lija. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Munthu akadwala mwadzidzidzi atapopera, m'vuleni zovala zonyowa, m'sambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo thamangirani naye kuchipatala mutatenga botolo la mankhwalawo. Musamusanzitse. Mkaka si mankhwala a chiphe. Kuudalira kumangotayitsa nthawi imene dokotala akanagwiritsa ntchito.

Chachitatu, poperani pokhapokha mwayendera munda n'kuona kuti tizilombo tafika pofunika kupopera. Kubzala msanga, kasinthasintha wa mbewu, kupalira pa nthawi yake ndi kuphwanya mazira a mbozi ndi manja zimachepetsa maulendo a sipuleya. Werengani lebulo ndi mzere wa mtundu umene uli m'munsi mwake. Wofiira ukutanthauza ngozi yaikulu. Nthawi yoopsa koposa ndi yosungunula mankhwala, pamene ali osasukuluka, choncho magolovesi ayambe kuvalidwa botolo lisanatsegulidwe. Poperani m'mawa kapena madzulo, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu. Musadye kapena kumwa muli pa ntchito. Kabowo kopoperera kakatsekeka musakauzire ndi pakamwa. Sipuleya yodontha kumsana ikonzedwe isanagwirenso ntchito. Sungani masiku olembedwa pa lebulo pakati pa kupopera ndi kukolola, makamaka pa tomato, repu ndi kabichi za m'madimba.

Chachinayi, chigubu chikatha chitsukeni katatu, madzi otsukirawo athiridwe m'sipuleya, kenaka chibooleni kuti wina asadzasungiremo mchere, mafuta ophikira kapena madzi akumwa. Mankhwala asungidwe m'malo ozizira okhoma, kutali ndi chakudya ndi ana. Mapiritsi otulutsa mpweya wopha anankafumbwe asagwiritsidwe ntchito m'nyumba yogonamo anthu. Matumba osalowa mpweya monga a PICS amasunga chimanga chouma bwino popanda mankhwala alionse.

Chachisanu, limbanani ndi chuku kuyambira kumunda. Kumbani nshawa zikakhwima, ziumitseni msanga pa thandala kapena pa lona osati padothi, ndipo musaziwaze madzi pofuna kuti makoko afewe posenda. Zofota ndi zakuda zisapite m'mtondo, ndipo zisapatsidwe ziweto. Funsani alangizi a zaulimi za Aflasafe, imene imathiridwa m'munda mbewu zisanayambe maluwa kuti chuku chosaopsa chilande malo a chuku chachiphe.

Ife a mpingo uno timaphunzitsa kuti thupi ndi mphatso imene tinapatsidwa kuti tiisamale, ndipo n'chifukwa chake timapewa fodya ndi mowa. Chiphunzitso chimenechi sichithera pakhomo la tchalitchi. Sikungakhale kwanzeru kukana utsi wa ndudu pa Sabata, kenaka m'kati mwa sabata n'kumapuma nkhungu ya dimethoate pachifuwa pali pamtunda. Chiwindi chimene timachiteteza ku kachasu ndi chomwecho chimene chimalandira chiphe cha m'sipuleya ndi cha m'nshawa zachuku, ndiponso ndi chomwecho chimene tidzachidalira tsiku limene tidzafune mankhwala a malungo kapena opaleshoni.

Inu amene munamaliza maphunziro, anthu a m'midzi yanu amayang'ana zochita zanu kuposa zonena zanu. Akakuonani mutavala magolovesi, mukulemba m'kabuku, mukuboola chigubu ndi kutaya nshawa zakuda, ena adzaseka chaka choyamba, koma chaka chachiwiri adzabwera kudzafunsa. Inu amene mukali pano, nyengo yopopera ikubwerayi tidzayamba phunziro lililonse ndi kuwerenga lebulo mokweza, ndipo aliyense adzatsegula kabuku kake asanabereke sipuleya.